Chimfine chimene ndinatengera amalume

Amalume anga anakhala ku Joni zaka 26 osagonako m'chipatala ngakhale usiku umodzi. Anapulumuka kwa achifwamba a ku Hillbrow, anapulumuka zipolowe za mu 2008 zija anthu obwera ankasakidwa ngati mbewa, Covid nayo inangowalambalala. Chimene chinadzawagwetsa ndi chimfine. Ndipo chimfinecho anapita nacho kunyumba ndine.

Papita nthawi, koma nkhaniyi ikukana kundisiya. Ndati ndiilembe, mwina mtima ungapepukeko.

Kapepala ka pakhoma

Ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina kumpoto kwa Johannesburg. Mu Epulo 2024 abwana anamata kapepala pafupi ndi pamene timakoleka maepuloni. Kanati wofuna katemera wa fuluwenza alembetse, namwino abwera Lachiwiri, ndalama ilipira ndi kampani. Analembetsa anthu atatu okha. Ine ndinawerenga, n'kuseka, n'kupita kukasenda anyezi.

Ndikhoza kunamizira mauthenga a pa WhatsApp aja, oti katemera amatseka mphamvu za m'nyumba, oti ndi 666. Ndinkawawerenga ndithu, ena ndinkawatumizanso. Koma chilungamo chake, chimene chinandiseketsa si zimenezo. Ndi liwu loti chimfine.

Kwathu ku Ntcheu chimfine si matenda. Mwana akati lero sapita kusukulu chifukwa cha chimfine, amamudzutsa ndi kamtengo. Munthu wachimfine amalima, amakumba manda, amapalasa njinga kukagula feteleza. Akakufunsa kuti mwadzuka bwanji umati, "Tadzuka, kaya kachimfine aka." Mwamumva ka- ameneyo? Timachichepetsa chisanatigwire n'komwe. Ndiye munthu abwere kudzati bayitsa jakisoni wa chimfine, kwa ine kunali ngati kusaka mbewa ndi mfuti.

Sindinkadziwa kuti pansi pa liwu limodzili tinaunjikapo matenda awiri osiyana kutalitali. Pali chimfine cha mamina chija, chongokuyetsemulitsa masiku atatu n'kupita. Ndiye pali fuluwenza. Tonse timangoti chimfine.

Chipinda chimodzi, hita imodzi

Nthawi imeneyo mayi a kunyumba anali adakali kumudzi. Ine ndi amalume tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi ena ku Cosmo City, mabedi awiri, katani pakati. Amalume ndiwo anandiitanitsa ku Joni, ndiwo anandiphunzitsa kukwera mataksi ndi zala, ndiwo anandipezera ganyu woyamba. Anali ndi zaka 63, ankasamalira maluwa ndi kapinga pa makomo atatu ku Randburg, ndipo anali ndi shuga amene ankamumwera mapilisi mosadumphitsa.

Amene munakhalako kuno mukuchidziwa chisanu cha Meyi ndi Juni. Cha ku Dedza chimachepa. Mawindo tinkatseka ndi manyuzipepala, pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi sanza, hita ya palafini n'kumayaka mpaka tulo. Mpweya umene wapuma mnzako ndi womwewo upumenso iwe.

Chinandigwira Lamulungu, chakumapeto kwa Meyi. M'mawa ndinali bwinobwino. Pofika masana thupi lonse linali litaphwanya ngati wina wandisinja mumtondo. Mutu, msana, maso, ngakhale tsitsi linkawawa. Kunja kukuzizira koma ine thukuta kamukamu, kwinaku ndikunjenjemera. Ndinati malungo, koma malungo angandipeze bwanji ku Johannesburg, kumene kulibe, ndisanapitenso kumudzi chaka chathunthu? Ndiye ndinati basi, ndi chimfine.

Lolemba ndinapita kuntchito. Kuntchito kwathu kuja usapite, tsikulo sulipidwa. Ndinamwa Panado, n'kuwonjezera Med-Lemon, n'kuima pa chitofu maola naini. Anthu angati ndinawapatsira m'taksi ndi m'khitchini, adziwa ndi Mulungu.

Madzulo amalume anandiphikira phala, anandifinyira ndimu ndi jinja, n'kuwiritsa masamba a bulugamu amene anathyola kuntchito kwawo. Pondifukiza, bulangete anagwira ndi iwowo, nkhope yawo pafupi ndi yanga, ine ndikutsokomola.

"Pirira mphwanga, mawa udzuka," anatero.

Ndinadzukadi, patatha masiku asanu. Iwo chinawayamba Lachitatu.

Anachita zonse zimene anandichitira ine. Anawonjezera makapusozi a Amoxyl amene wina anabwera nawo pa basi limodzi ndi ufa ndi usipa. Tonse tinali ndi chikhulupiriro kuti makapusozi ochokera kumudzi ndi amphamvu kuposa a kuno. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, fuluwenza ndi vairasi, ndipo sayimva n'komwe. Ndinawauzako kamodzi za kukiliniki. Anakana. Mapepala awo anali atatha, ndipo ankadana ndi kukaima pamzere n'kumafunsidwa kuti kwanu kulibe zipatala kodi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, timatero, koma ine sindinalimbikire. Ndinkaonanso ngati n'chimfine changa chomwe chija, chitha chokha.

Usiku wa Lachiwiri

Ndinaweruka mochedwa, ndinafika kunyumba cha m'ma 11. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo, ndikangotsegula chitseko amalume ankanena mawu omwewo: "Wabwera, mphwanga? Nsima ili m'mbalemo." Ngakhale ali m'tulo ankanena.

Usiku umenewo ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja atatsamiritsa pa mawondo, mutu uli pansi. Hita inali itazima. Anadzutsa nkhope.

"Wabwe..."

Anaima. Anakoka mpweya ngati munthu wotunga madzi pachitsime chakuya ndi chingwe chachifupi.

"...ra."

Ndinayatsa getsi. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa. Mapewa ankakwera ndi kutsika, pakhosi apa pankalowa m'kati akamapuma. Ndinawagwira pamphumi, moto. Ndinati, "Malume, mukumva bwanji?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunditchula dzina la mayi anga, mlongo wawo, amene anatisiya kalekale. Kenako anafunsa, mawu amodziamodzi, ngati mbuzi tazitsekera m'khola.

Mbuzi ku Cosmo City.

Ndinathamanga kukagogoda kwa mayi eni nyumba. Mayi amenewa tinkakangana nawo mwezi ndi mwezi pa nkhani ya magetsi, koma atangosuzumira m'chipindamo sanafunse kanthu. Anavala jasi pamwamba pa zogonera, n'kutulutsa galimoto. Njira yonse ndinawagwirira amalume kumpando wakumbuyo, ndikuwerenga mpweya wawo, ndipo ndiulule: mutu wanga unali utayamba kale kuwerengera ndalama zonyamulira maliro kupita ku Ntcheu. Amene muli m'magulu athu a pa WhatsApp osonkherana pa zovuta mukudziwa chimene ndikunena. Munthu adakali moyo m'manja mwako, iwe ukuganiza za chipata cha Beitbridge.

Kuchipatala kunali anthu ngati pamsika, ambiri akutsokomola. Namwino anawapana chala ndi kachipangizo kaja koyezera mpweya m'magazi. Kanaonetsa 84. Sanalankhule nane. Anangokuwira mnzake, njinga ya odwala inabwera, amalume n'kudutsa anthu onse amene anafika madzulo. Kuchipatala cha boma ukaona akukudumphitsa mzere, usasangalale.

Chulu cha pa foni

Adokotala anabwera kudzandipeza pabenchi cha m'ma 4 mbandakucha. Anali mayi wachitsikana, wocheperapo kwa ine, maso ofiira ndi tulo. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati pafupifupi sabata. Anafunsa ngati pali wina amene anadwala kunyumba. Ndinati ine. Anafunsa ngati amalume anabayitsa katemera wa fuluwenza chaka chimenecho, poti ndi munthu wamkulu komanso wa shuga.

Pamenepo m'pamene ndinanena mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Koma dokotala, chinali chimfine chabe."

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anakhala pansi pambali panga, n'kutulutsa foni, n'kundionetsa chithunzi cha mzere. Kuyambira Januwale mzerewo unkayenda chogona pansi. Chakumapeto kwa Epulo unayamba kudzuka, ndipo pofika pamene panali chala chawo unali utaima ngati chulu.

"Iyi ndi fuluwenza m'dziko muno, sabata ndi sabata," anatero. "Ife tili apa. Odwala amene mwawaona panjapo ndi chulu chimenechi. Chimabwera chaka chilichonse, ndipo timachiona chikubwera."

Anandifotokozera kuti fuluwenza inakanda njira za mpweya, chibayo n'kupezerapo polowera, shuga naye n'kukwera chifukwa cha matendawo. Anati alipo mankhwala a fuluwenza, oseltamivir, koma amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyamba. Ife tinabwera tsiku lachisanu ndi chiwiri. Anawapatsabe, limodzi ndi mankhwala a chibayo ndi mpweya wa okosijeni. Kathonje kamene anawapisa m'mphuno kanadzatsimikiza kuti inali fuluwenza ya mtundu wa A.

Mawu amene anandikhala ndi akuti timachiona chikubwera. Ine ndinkayesa chimfine n'chinthu chongokugwera, ngati kupunthwa pamwala. Osadziwa kuti chili ndi nyengo yake ngati mvula, kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'ana mitambo yake, ndiponso kuti kapepala kaja kanamatidwa mu Epulo chifukwa anthu ena ankadziwa kuti denga amafolera mvula isanagwe.

Amalume anagona m'chipatala masiku 11. Anatuluka, koma anatuluka munthu wina. Buluku linkawagwa. Makina otchetchera kapinga amene ankawakankha ndi dzanja limodzi tsopano ankawapumitsa katatu pabwalo limodzi. Khomo loyamba linawadikira, lachiwiri linapeza mnyamata wina, lachitatu linangosiya kuyankha foni. Mu Seputembala ndinawakweza basi ya kumudzi, ali ndi zikwama ziwiri ndi wailesi. Zaka 26.

Anthu owerenga chimfine

Usiku umene sindinkagona ndinayamba kufufuza kumene kunachokera chithunzi chija. Chimachokera ku NICD, bungwe la boma lofufuza za matenda opatsirana, limene lili ku Sandringham konkuno ku Johannesburg. Sabata iliyonse amatulutsa lipoti la matenda a m'chifuwa, ndipo aliyense akhoza kuliwerenga pa intaneti kwaulere. Poyamba ndinkangoona manambala ndi zilembo. Pano ndimaliwerenga ngati mmene amalume ankamvera zanyengo pa wailesi.

Mmene amachitira zinandikumbutsa kabotolo koyezera mvula kamene kanali pabwalo la sukulu yathu ya pulayimale. Sungayeze dontho lililonse logwa m'boma lonse. Umaika timabotolo m'malo angapo, n'kumawerenga mokhulupirika. Iwonso sayeza aliyense woyetsemula. Anasankha zipatala zingapo ndi makiliniki angapo m'zigawo zosiyanasiyana, kuphatikizapo madokotala a pulaiveti amene amathandiza mongodzipereka pa ndondomeko yotchedwa Viral Watch, imene inayamba mu 1984. Wodwala akabwera ndi kutentha thupi ndi chifuwa, amamupisa kathonje m'mphuno n'kutumiza ku labu. Kumeneko amaona kuti mwa anthu onse oyezedwa sabata imeneyo, angati ali ndi fuluwenza, ndipo ya mtundu wanji. Chiwerengerocho chikadutsa malire amene anaika potengera zaka zam'mbuyo, amalengeza kuti nyengo yayamba. Mu 2024 inayamba sabata ya pa 22 Epulo. Kapepala kathu kaja kanali kadakali pakhoma.

Chaka chimenecho imene inavuta kwambiri ndi H1N1, ija inatchuka mu 2009 ndi dzina loti chimfine cha nkhumba. Mauthenga anazungulira kuti kwabwera mliri watsopano, ena mpaka kusiya kudya nkhumba. Chonsecho kachilomboka kanakhazikika pakati pa anthu kuyambira nthawi imeneyo, kamabwera ngati fuluwenza ya chaka ndi chaka, ndipo kanali m'gulu la timene katemera wa chaka chimenecho anapangidwira. Katemera yemwe uja ndinamuseka.

Manambala ena ndinachita kuwawerenga kawiri. A NICD amati fuluwenza imapha anthu pakati pa 6,000 ndi 11,000 chaka chilichonse mu South Africa muno. Pafupifupi theka ndi okalamba, ndipo pafupifupi atatu mwa khumi alionse ndi anthu amene ali ndi HIV. Pa dziko lonse a WHO, bungwe loona za umoyo wa anthu m'maiko onse, amati ndi pakati pa 290,000 ndi 650,000 pa chaka. Ndipo iyi ndi fuluwenza wamba, osati ya 1918 ija imene inalowera pa madoko n'kukwera sitima za pamtunda limodzi ndi asilikali ndi anthu a m'migodi, n'kupha anthu pafupifupi 300,000 m'dziko muno m'masabata owerengeka.

Ndinayamba kukumbukira mauthenga a maliro amene amachuluka m'magulu athu nyengo yozizira. "Anangodwala pang'ono." "Dzana tinali nawo." "Anangoti chifuwa." Kenako kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu, kuti kumudzi anamuchitira nsanje chifukwa anamanga ya malata. Sindikunena kuti onsewo inali fuluwenza. Ndikungoti palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anafunsapo.

Bwanji chaka chilichonse?

Funso limeneli ndi limene anzanga amandipanikiza nalo. Katemera wa chikuku tinabayitsa tili ana, basi zinatha. Uyu bwanji akufuna chaka ndi chaka, si bizinesi imeneyi?

Nkhani yake ndi yoti kachilombo ka fuluwenza kamasintha malaya. Asilikali a m'thupi amazindikira mdani poona chovala, ndiye iko kamasinthako pang'ono chaka chilichonse, kolala lero, mabatani mawa, mpaka amene anakaona chaka chatha akadutsa osakazindikira. Chitetezo cha katemerayu nachonso chimafwifwa pakapita miyezi.

Apa m'pamene ntchito ya owerenga aja imakumana ndi jakisoni. Kuyambira 1952 bungwe la WHO lili ndi mgwirizano wa malabu, pano m'maiko oposa 100, ndipo NICD ndi imodzi mwa iwo. Tizilombo timene apeza amatumiza ku malabu akuluakulu a ku London, Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing. Kawiri pa chaka akatswiri amakhala pansi n'kugwirizana kuti ndi mitundu iti imene ikuoneka kuti ivuta nyengo ikubwerayo. Mu Febuluwale amasankhira maiko a kumpoto, mu Seputembala amasankhira ife a kumwera. Akatero makampani amayamba kupanga, ndipo zimatenga pafupifupi theka la chaka, chifukwa katemera wambiri amamukulitsabe m'mazira a nkhuku. Ine wa m'khitchini, amene ndimaswa mathireyi a mazira tsiku lililonse, pamenepa ndinaseka ndekha.

Ndiye kuti jakisoni amene umabayitsa mu Epulo anaganiziridwa mu Seputembala. N'kulosera, ngati mlimi wosankha mbewu asanaone mvula. Zaka zina amalasa penipeni, zaka zina kachilombo kamakhala kasinthanso pofika nyengoyo ndipo katemera amagwira mofooka. Iwo eni sabisa zimenezi. Kuwerenga komweku n'kumene kunaonetsanso kuti mtundu wina wa fuluwenza B, wotchedwa Yamagata, sunapezekenso kulikonse kuyambira Malichi 2020, nthawi imene tonse tinatsekeredwa m'nyumba ndi zophimba kukamwa. Mpaka a WHO analangiza kuti auchotse m'katemera.

Zina ziwiri zimene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku la kapepala lija. Jakisoniyu alibe kachilombo kamoyo, sangakupatse fuluwenza. Mkono umawawa, ena amamva kuphwanya tsiku limodzi, basi. Ndipo thupi limafuna pafupifupi masabata awiri kuti likonzeke. Wobayitsa chulu chitakwera kale akhoza kudwala sabata yomweyo, n'kumauza mudzi wonse kuti wamudwalitsa ndi katemera.

Chaka chimene inalawirira

Amalume atapita, mayi a kunyumba anabwera kudzakhala nane. Pofika Malichi 2025 anali ndi pakati pooneka. Ine ndinali nditakonza kale zonse mumtima: malipiro a kumapeto kwa Epulo akalowa, tikabayitsa tonse awiri, Meyi atipeze tili okonzeka.

Fuluwenza sinadikire malipiro anga. A NICD analengeza kuti nyengo ya 2025 inayamba sabata ya pa 24 Malichi, masabata anayi msanga kuyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo kuyambira 2010 inali isanalawirirepo chotero. Ndikanangodalira kuti chisanu sichinayambe, bwenzi nditachedwanso. Ndinabwereka ndalama kwa mnzanga, n'kukabayitsa ku famase kumayambiriro kwa Epulo.

Kwa mayi a kunyumba kunali nkhondo. Apongozi anaimba foni kuchokera kumudzi: munthu woyembekezera sabayidwa majakisoni osadziwika, mukufuna mwana abadwe bwanji? Ine ndinabwera ndi sukulu yanga yonse. Ndinawauza za kafukufuku amene anachitikira ku Soweto konkuno, pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath, motsogozedwa ndi Pulofesa Shabir Madhi, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Anapeza kuti amayi oyembekezera obayitsa anachepetsa mwayi wodwala fuluwenza ndi pafupifupi theka, ndipo makanda awo nawonso chimodzimodzi m'miyezi yoyamba. Ndinawauza kuti khanda losakwana miyezi 6 silingabayidwe katemerayu, chitetezo chake n'chimene latengera kwa mayi ake m'mimba.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Inu bambo, mwayamba liti udokotala? Si inu munkatitumizira za 666 zija?"

Ndinalibe poyankha.

Anakabayitsa patatha sabata, kusikelo, kwaulere, poti amayi oyembekezera ali m'gulu limene boma la kuno limaika patsogolo, pamodzi ndi okalamba, a HIV, a TB, a shuga, a mtima, a mphumu ndi ogwira ntchito m'zipatala. Nditafunsa chimene chinawasintha maganizo, sanatchule Soweto. Anati anamwino anawafotokozera bwino, komanso anakumbukira tsiku limene amalume anatsika basi pa Ntcheu. Iwo ndi amene anakawachingamira, ndipo anawadutsa osawazindikira.

Mu Julayi ndinadwala chimfine. Mamina, kuyetsemula, pakhosi kukanda. Kukhitchini kunali chikondwerero. "Adokotala adwala! Jakisoni uja anali wa madzi!" Ndinayesa kufotokoza kuti tizilombo toyambitsa chimfine tilipo tambirimbiri ndipo katemerayu ndi wa fuluwenza yokha, kuti ngakhale fuluwenzayo ikhoza kukugwira utabayitsa koma kawirikawiri siikufikitsa kogonekedwa. Palibe anamva. Ndipo sindiwada, chifukwa m'chilankhulo chathu iwo ankanena zoona: ndinabayitsa wa chimfine, ndadwala chimfine. Chokhacho chimene ndinachita mosiyana ndi kale n'choti ndinakhala kunyumba masiku awiri osalipidwa, ndikugona pansi, kutali ndi bedi, zenera lili pululu ngakhale kunkazizira.

Basi ya kumudzi

Chimene chimandisowetsa mtendere pano ndi kumudzi. Katemera wa fuluwenza sali pa mndandanda wa akatemera a boma amene timawadziwa kusikelo kwathu. Kumaiko otentha fuluwenza siyenda mwadongosolo ngati kuno, ikhoza kupezeka mwezi uliwonse. Munthu akatentha thupi timati malungo, akayezedwa n'kupezeka alibe amabwerera ndi Panado, mwina ndi Bactrim, nkhani n'kuthera pomwepo. Chonsecho ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti fuluwenza iliko kwathu, ndipo kuti akuluakulu amene ali ndi HIV imawagwira kwambiri ndi kuwagoneka m'chipatala kuposa anzawo. Ndi banja liti kwathu limene lilibe munthu wa ma ARV, kapena gogo wa shuga ndi BP?

Ndiye taganizani za ife. Juni kapena Julayi, chulu chili pamwamba, munthu wapeza tchuthi kapena wamva uthenga wa maliro. Akukwera basi pa Park Station akutsokomola. Masiku awiri mawindo otseka, kudutsa Zimbabwe, kudutsa Tete, anthu oposa makumi asanu kupumirana. Akafika, woyamba kumupatsa moni wa m'manja ndi agogo, ndipo usiku womwewo agona m'nyumba yodzaza anthu pa siwa. Timanyadira kuti tapititsa mabulangete ndi mafoni. Ine ndinatengera munthu mmodzi, m'chipinda chimodzi, ndipo ndinaona mapeto ake.

Amalume sanandinenepo. Ndinayesa kupepesa tsiku lina tili pa depoti, anandidula. "Ukanadwala wekha m'chipinda muja ine n'kukusiya, mayi ako ndikanakawauza chiyani?" Anatero basi, n'kuyamba kundilangiza za mmene ndingasamalire hita.

Lamulungu lapitali

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, ndipo dzina anamutcha ndi amalume pa foni. Timaimbirana Lamulungu lililonse madzulo. Anazolowera kundiseka. Moni asanathe amafunsa, "Chulu chako chija chafika pati, adokotala?" Ine n'kuwauza kuti chatsika, kapena chayamba kudzuka, iwo n'kumaseka kuti mphwawo anapita ku Joni kukaphika koma anasanduka mlosi.

Lamulungu lapitali tili pakati pokamba za mtengo wa feteleza, ndinamva akutembenukira kumbali n'kutsokomola. Chifuwa chouma, katatu.

"Malume, chimenecho chayamba liti?"

"Aaa, dzulo. Ndi kachimfine cha..."

Sanamalize. Tonse tinakhala chete, ndikumva nkhuku ndi ana kumbuyo kwawo. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa.

Nditadula foni ndinatumiza ndalama pa Mukuru, n'kuimbira msuweni wanga wa kabaza kuti 6 koloko m'mawa akhale ali pakhomo pawo, ndipo akakana asachoke.